Chimene Chili Pansi pa Mtengo

Lamulungu lina la mu Januwale 2014 minibasi ziwiri zochokera ku Johannesburg zinaima pa chipata cha sukulu ya mkombaphala imene ndinkagwirako ntchito yaukalaliki, m'komboni ya zisakasa zamalata kufupi ndi Marikana. M'menemo munatuluka anyamata ndi atsikana okwana 20, ambiri a iwo a msinkhu wa ku sekondale, atanyamula makasu atsopano ndi mbande za mitengo m'machubu akuda. Dzulo lake mayi woyang'anira sukuluyo anali atandiuza kuti kudzabwera ana a Chiziyoni ndipo ine ndidzakhale womasulira. Pokhala munthu wokulira ku Ntcheu, kumene Aziyoni timawadziwira mikanjo yoyera ndi ng'oma ya usiku wonse, ndinadabwa kuona ana achizungu ovala makabudula ndi zipewa zadzuwa. Ndinafunsa mtsikana amene ankawatsogolera kuti ng'oma aisiya kuti. Iye anaseka, nandiuza kuti iwo ndi Ayuda, ndipo Ziyoni wawo ndi phiri lenileni la ku Jerusalem.

Tsiku limeneli ndikanatha kuliiwala monga ndinaiwalira maulendo ena ambiri a anthu achifundo amene amabwera m'makomboni, kujambula zithunzi ndi ana, n'kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe. Koma linandibwerera m'maganizo mu Novembala 2023, pamene mwana wa mlongo wanga anandiimbira foni kuchokera ku Lilongwe. Anati, "Amalume, ndalembetsa dzina kuti ndikagwire ntchito m'minda ya ku Israel. Amayi akuti ndisasunthe musanalankhule inu." Kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndipo mawu ake salankhulidwa mwachibwana. Ndinamupempha kuti andipatse masiku atatu. M'masiku atatuwo chimene ndinkalingalira kwambiri chinali zimene ndinamva ndi kumasulira pa Lamulungu lija.

Alendowo anabwera kaamba ka tsiku limene pa kalendala yawo amalitcha Tu BiShvat, chaka chatsopano cha mitengo. Limagwa mu Januwale kapena mu Febuluwale, nyengo imene ku Israel dzinja lozizira limakhala likutha, pamene kuno mvula imakhala ili pakati. Zinandikumbutsa ubwana wanga, pamene mu Januwale aphunzitsi ankatitulutsa m'kalasi kukadzala malaina ndi bulugamu pa tsiku lodzala mitengo la dziko lonse. Alendowa anali ndi mbande 12 za mfula, mtengo umene Atswana amautcha morula, ndipo asanakumbe dzenje ndi limodzi lomwe anakhala pansi mozungulira pamodzi ndi makolo a ana athu kuti ayambe aphunzira. Mtsogoleri uja, wophunzira wa pa yunivesite wa zaka zosapitirira 22, ankafunsa mafunso m'malo molalikira. Ine ndinkatembenuza mawu ake kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chitswana changa chopunduka, ndipo pena n'kuthandizira ndi Chifanakalo cha kumigodi.

Phunziro lake linali ndi nsanamira zitatu. Yoyamba inali chilungamo. Anafotokoza kuti mawu a Chihebri akuti tzedakah, amene anthu ambiri amawamva ngati mphatso yachifundo, tsinde lake ndi liwu lotanthauza chilungamo, kotero kuti wopatsa wosauka sachita zabwino zapadera koma amabweza ngongole. Anatchula lamulo la m'buku la Levitiko loletsa kugoneka malipiro a waganyu mpaka m'mawa. Yachiwiri inali kusamala chilengedwe. Apa anatchula lamulo la m'Deuteronomo loletsa asilikali ozinga mzinda kudula mitengo yazipatso, limene aphunzitsi achiyuda a makedzana analikulitsa n'kukhala mwambo wotchedwa bal tashchit, woletsa kuwononga chinthu chilichonse popanda chifukwa. Anawonjeza za chaka chachisanu ndi chiwiri chimene munda uyenera kupuma. Nsanamira yachitatu inali chikondi cha pa dziko la Israel. Zonse zitatu anazimanga pamodzi ndi mawu akuti tikkun olam, kukonza dziko lowonongeka.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake nsanamira yachitatuyi ili yolimba chotere pakati pa Ayuda a ku South Africa, ayenera kudziwa kumene anachokera. Ambiri ndi zidzukulu za anthu amene anathawa umphawi ndi chizunzo ku Lithuania pakati pa zaka za m'ma 1880 ndi 1930. Lamulo la 1930 ndi lina la 1937 anatseka khomo kwa otsala, ndipo pakati pa 1941 ndi 1944 pafupifupi Ayuda onse amene anatsala ku Lithuania anaphedwa. Obwerawo ambiri anayamba ndi malonda oyendayenda m'mafamu ndi timasitolo ta m'matauni ang'onoang'ono, ndipo Rustenburg nayo inali ndi mpingo wake wachiyuda umene unazilala pamene ana anasamukira ku mizinda ikuluikulu ndi kunja. Bungwe la South African Zionist Federation linakhazikitsidwa mu 1898, chaka chimodzi chokha chitapita chichitikire msonkhano woyamba wa Theodor Herzl ku Basel. Mabungwe a achinyamata monga Habonim ndi Bnei Akiva, ndi sukulu monga King David ku Johannesburg, akhala akulera mibadwo m'chiphunzitso chakuti Myuda wopanda dziko lake alibe pothawira. M'nyumba zambiri munkakhala kabokosi kabuluu ka Jewish National Fund, bungwe la 1901, koponyamo ndalama zogulira malo ndi kudzala mitengo ku Palestine, kenako ku Israel.

Tsono nthaka imene anawa anabwera kudzakumba inali ndi mbiri yakeyake. Mu 1924 Hans Merensky anatsimikiza za mwala wa pulatinamu umene lero umatchedwa dzina lake, ndipo kuchokera pamenepo dera la Rustenburg lakhala likudyetsa dziko lonse chitsulo chimene ntchito yake yaikulu ndi kuyeretsa utsi wa magalimoto. Magalimoto a ku Ulaya amatulutsa utsi wocheperako, pamene ife okhala pamwamba pa mwalawo timapuma fumbi la milu ya zotsalira za m'migodi mphepo ya mu Ogasiti ikamawomba. Abafokeng a ku Phokeng, m'nthawi ya mfumu yawo Mokgatle, anatumiza anyamata kukagwira ntchito ku migodi ya dayamondi ku Kimberley kuti apeze ndalama zogulanso malo a makolo awo kwa Maburu, ndipo zidzukulu zawo zinalimbana m'makhoti mpaka 1999 kuti zilandire gawo loyenera la chuma cha pansi pa malowo. Pamene tinakhala ife pa tsikulo panali mtunda waufupi kuchokera pa kaphiri kamene apolisi anawomberapo ndi kupha ogwira ntchito m'migodi 34 pa 16 Ogasiti 2012. Komiti yofufuza ya woweruza Ian Farlam inadzaonetsa kuti kampani ya Lonmin inalonjeza kumanga nyumba 5,500 za antchito ake koma inamanga zitatu zokha. Ndipo patangopita masiku anayi chibwerere alendo athu, antchito pafupifupi 70,000 anayamba kunyanyala ntchito kwa miyezi isanu pofuna malipiro a R12,500 pa mwezi.

Phunziro litatsala pang'ono kutha, bambo wina wachikulire wochokera ku Pondoland, amene anaboola miyala pansi pa nthaka mpaka makutu ake atagontha, anakweza dzanja. Mdzukulu wake ankaphunzira pa sukulu yathu. Analankhula m'Chixhosa, pang'onopang'ono, akuyang'ana ine osati alendowo. Anati iye wamva zonse ndipo n'zokoma, koma akufuna kudziwa kuti mitengoyi ikakula idzakhala ya yani. Anati chisakasa chake chili pa malo amene si ake, chikhoza kugwetsedwa tsiku lililonse, ndipo kwawo munthu sadzala mtengo pamalo pamene sadzaikidwa m'manda. Ndisanamasulire ndinayamba ndakhala chete, chifukwa funsolo ndinalidziwa kuchokera kwathu. Mkamwini wa ku Ntcheu amalima chimanga m'munda wa apongozi, koma mango sadzala, poti ukwati ukatha amanyamula bulangete lake yekha. Mtengo kwathu ndi mboni ya umwini. Pamlandu wa malire a munda mfumu imafunsa kuti anadzala nthochi izi ndani.

Ndinamasulira funsolo monga linalili. Ndinkayembekeza kuti mtsikanayo ayankha mwaulemu kuti mitengoyi ndi ya ana onse, n'kuwauza anzake kuti atenge makasu. M'malo mwake anakhala kanthawi akuseweretsa udzu m'manja, kenako anati, "Malume, auzeni kuti funso limenelo landipeza." Ankanditcha malume potengera ana a pasukulupo. Anafotokoza kuti ali mwana ankaponya ndalama m'kabokosi kabuluu, ndipo pa tsiku lake lobadwa analandira chikalata chonena kuti ku Israel kwadzalidwa mtengo m'dzina lake. Ku Galilee, kufupi ndi Tiberias, kuli nkhalango yotchedwa South Africa Forest, imene inadzalidwa ndi zopereka za Ayuda a kuno. Chaka chapitacho, mu 2013, iye anaonera filimu ya Mark Kaplan ndi Heidi Grunebaum yotchedwa The Village Under the Forest, ndipo m'menemo anadziwa kuti pansi pa mitengo ya paini imeneyo pali mabwinja a mudzi wa Apalestina wotchedwa Lubya, umene anthu ake oposa 2,000 anachotsedwamo pa nkhondo ya 1948 ndipo sanaloledwe kubwerera. Zitsime ndi manda awo zikadali momwemo, pakati pa mabenchi a anthu odzapuma.

Mnyamata wina wa m'gulumo anaimirira nkhope itafiira. Anati si bwino kukamba zimenezi pamaso pa anthu amene sadziwa mbali inayo ya nkhani. Anati agogo ake aakazi anatsala okha pa banja la anthu ambiri amene anawomberedwa m'nkhalango ina ya ku Lithuania, kuti nkhondo ya 1948 inadza mayiko a Aluya atakana kugawa dziko monga bungwe la United Nations linagamulira mu 1947, ndipo kuti Ayuda zikwi mazanamazana nawonso anachoka ku Iraq, Yemen ndi Morocco atasiya nyumba zawo. Mtsikanayo sanamutsutse. Anangoti zonsezo n'zoona, ndipo Lubya nayo ndi yoona. Anati iye akadali wa Chiziyoni, akufunabe kuti Israel akhalepo, koma sangaphunzitse ana lamulo loletsa kudula mtengo wa mdani n'kubisa zoti mtengo ungathenso kudzalidwa pofuna kukwirira mudzi wa mdani. Anakangana kwa mphindi zingapo, anzawo ena akulowererapo uku ndi uku. Ine ndinamasulira mbali zonse ziwiri mmene ndikanathera. Bambo wa ku Pondoland uja anamvetsera dzanja lili kukhutu, ndipo pomaliza anati ana amene amakangana pamaso pa alendo ndiye kuti kwawo amaloledwa kulankhula. Atatero anatenga khasu nakumba dzenje loyamba.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuganiza kuti chiphunzitso cha chilungamo chimayesedwa pamene chatembenukira kwa mwini wake. N'kosavuta kuphunzitsa mwana wa ku Johannesburg kumvera chisoni wa m'chisakasa ku Marikana, poti chisoni chotere sichimulanda kanthu. Chovuta ndi kumulola kufunsa za kabokosi ka pa shelefu ya agogo ake. Mbiri ya Ayuda a dziko lino ili ndi mbali ziwirizi poyera. Pa mlandu wa Rivonia wa 1963 ndi 1964, Denis Goldberg anali pa benchi ya oimbidwa mlandu pamodzi ndi Nelson Mandela, ndipo woimira boma pa mlanduwo, Percy Yutar, analinso Myuda. Helen Suzman anakhala zaka 13 ali yekhayekha wa chipani chake m'nyumba ya malamulo akutsutsa tsankho, ndipo Ruth First anaphedwa ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1982. Komabe bungwe loimira Ayuda onse, South African Jewish Board of Deputies, linadikira mpaka 1985 kuti likane ulamuliro watsankho poutchula dzina, ndipo mu 1997 Rabbi wamkulu Cyril Harris anavomera kulephera kumeneku pamaso pa komiti ya choonadi ndi chiyanjano. John Vorster analandiridwa ku Israel mu 1976. Bophuthatswana, dziko lachinyengo limene malire ake anali pafupi ndi Rustenburg, linali ndi ofesi yake ku Tel Aviv m'zaka za m'ma 1980.

M'mashabini a kuno ndamvapo anthu akunena kuti migodi yonse ndi ya Ayuda. Limeneli ndi bodza lakale limene lapha anthu ambiri m'mbiri. Eni a Lonmin anali ogula masheya ku London ndi ku Johannesburg, a mitundu ndi zipembedzo zosiyanasiyana, ndipo mmodzi mwa akuluakulu a bodi yake mu 2012 anali Cyril Ramaphosa. Ndiponso ine Mmalawi ndilibe phiri loimapo poloza ena chala. Lonmin inali mphukira ya Lonrho, kampani yomweyo imene inatsegula minda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndipo shuga wake tonse tinamwera tiyi. Boma lathu linatsegula ubale ndi Pretoria mu 1967 pamene mayiko ena a mu Africa ankaukana. Bambo anga anapita ku Joni pa ndege ya Wenela, ndipo anali konko pamene ndege ina inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70. Chimene chimandikhudza koposa ndi cha Apayoniya. Gulu la Malawi Young Pioneers, limene linayamba mu 1963, linaumbidwa ndi thandizo la alangizi ochokera ku Israel potengera magulu a achinyamata a kumeneko. Nawonso anaphunzitsidwa kukonda dziko, kulima mwamakono ndi kudzala mitengo. Koma sanaloledwe kufunsa funso ndi limodzi lomwe, ndipo anyamata omwewo amene ankatiphunzitsa kupanga mizere ndi amene ankatsekereza amayi athu pa chipata cha msika pofuna khadi la chipani, mpaka asilikali anawalanda zida mu Disembala 1993. Khasu linali lomwelo, mbande zomwezo. Chimene chinasowa ndi ufulu umene mtsikana uja anali nawo, wonena pamaso pa anzake kuti pansi pa nkhalango yathu pali mudzi wa eni.

Sindikunena kuti ufulu umenewo uli paliponse m'sukulu ndi m'mabungwe achiyuda. Ayuda a kuno, amene kafukufuku wa 2019 anawapeza kuti ndi pafupifupi 52,000, ndi ogawikana kwambiri pa nkhaniyi, ndipo amene amadzudzula Israel poyera nthawi zambiri amasalidwa ndi anzawo. Mu 2015 kagulu ka Ayuda a ku South Africa kanapita ku Lubya kukapepesa kwa zidzukulu za eni mudziwo, ndipo ambiri kwawo sanakondwere nako. Chiwembu cha Hamas cha pa 7 Okutobala 2023, chimene chinapha anthu pafupifupi 1,200, ndi nkhondo ya ku Gaza imene yapha Apalestina zikwi makumimakumi, zinaumitsa mitima mbali zonse. Pamene South Africa inasumira Israel ku khoti la dziko lonse ku The Hague mu Disembala 2023, mabanja ena analeka kudyera pamodzi. Mtsikana uja sindinaonanenso naye, ndipo nthawi zina ndimadzifunsa ngati lero angathe kulankhula monga analankhulira tsiku lija.

Tsiku lachitatu litakwana ndinamuimbira mwana wa mlongo wanga. Ndinkadziwa chimene chinkamukankha. Mwezi womwewo kwacha inali itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, iye anali ndi satifiketi ya zaulimi imene inakhala m'sutikesi zaka zitatu, ndipo gulu loyamba la achinyamata 221 linanyamuka pa 25 Novembala. Ine amene ndinathawa ulova womwewo n'kudzakhala m'dziko la eni sindikanatha kumuletsa ndi nkhope yowongoka. Sindinamuletse, ndipo sindinamudalitse mwachisawawa. Ndinamuuza kuti adziwe chifukwa chake ntchitoyo yapezeka mwadzidzidzi: antchito a ku Thailand ena anaphedwa, ena anagwidwa, ambiri anathawa, ndipo Apalestina amene ankalima minda imeneyo analandidwa zilolezo zolowera. Ndinamuuza kuti awerenge pangano lake mzere uliwonse ndi kusunga pasipoti yake m'thumba mwake, zinthu zimene agogo ake sanathe kuchita pa Wenela. Ndinamuuzanso kuti akafika afunse dzina lakale la malo amene akulimawo, ndipo akapeza mwini munda amene angamuyankhe moona, adziwe kuti wapeza munthu. Anakhala chete, kenako anati, "Ndamva, amalume." Anapita chaka chotsatira, ndipo ndalama zimene anatumiza zinafolera nyumba ya amayi ake ndi malata.

Pa mbande 12 zija, zisanu zinadyedwa ndi mbuzi m'miyezi ya kunyanyala ntchito, pamene panalibe munthu wa mtima woganiza za mpanda. Zitatu zinauma ndi chilala cha 2015 ndi 2016. Zinayi zinapirira, ndipo tsopano zapitirira denga la sukulu. Lonmin inagulidwa ndi Sibanye-Stillwater mu 2019, zisakasa zikadalipo, ndipo malo amene sukuluyo yaimapo mpaka lero alibe chikalata cha umwini. Bambo wa ku Pondoland anabwerera kwawo kumene anakamwalira. Mtengo umene anakumbira dzenje uli pafupi ndi mpopi, ndipo ana a pasukulupo amautcha mtengo wa agogo, ngakhale palibe mmodzi wa iwo amene anawaonapo.